Tifunseni: Kodi khola la dongo la mwana wanga ndi fano?

FUNSO: Ndine mayi wa ana atatu, ndimakhala ku Chinamwali. Mwana wanga wamkazi wa zaka 9 anakatapa dongo n'kuumba Mariya, Yosefe, khanda ndi timbuzi tiwiri, ndipo waziika m'katoni pawindo. Apongozi anga, amene abwera kudzadya nafe Khirisimasi, akuti amenewa ndi mafano, ndikataye. Chawanyansanso n'chakuti Mariyayo wavekedwa kansanza ka chitenje. Mwana akungolira. Nditani?

YANKHO: Mayi, chonde musataye. Koma musawayankhenso mwamwano apongoziwo, chifukwa mantha awo ali ndi pochokera. Akukumbukira Eksodo 20:4, lamulo loletsa kudzipangira fano. Vesi 5 ndiyo ikumasula tanthauzo lake: tisazigwadire, tisazitumikire. M'buku lomwelo, pa 25:18, Mulungu akuuza Mose kuti apange akerubi awiri agolide pa likasa. Kodi mwana wanu akugwadira timbuzi take? Iye akungofotokoza nkhani ya pa Luka 2 ndi manja ake.

Mwambo wa kholawu ndi wakale. Mu 1223, Fransisko wa ku Assisi anakonza modyera ziweto m'phanga ku Greccio, m'dziko la Italy, n'kubweretsa udzu, ng'ombe ndi bulu zamoyo, kuti anthu wamba aone ndi maso umphawi umene Ambuye anabadwiramo. Komatu Luka satchula ng'ombe kapena bulu. Zimenezi Akhristu anazitenga pa Yesaya 1:3. Ndiye ngati a ku Italy anaikamo bulu, mwana wa ku Zomba walakwanji poikamo mbuzi?

Za chitenjezo zandikhudza mtima. Yesu anali Myuda wobadwira ku Betelehemu, koma ojambula a ku Ulaya ankamujambula ngati mwana wa kwawo, ndipo ife tinazolowera zithunzizo mpaka kuyesa kuti ndi momwe analili. Mukadzapita ku Mua, m'boma la Dedza, mukaone ntchito za amisiri a ku KuNgoni, malo amene Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976. Kumeneko nkhani za m'Baibulo anazisema ndi nkhope zathu zomwezi.

Inenso ndinaumbapo ndili wamng'ono, ndi dongo la m'mbali mwa Likangala. Chifukwa cha mvula ya Disembala tizidole tanga sitinkauma, ndipo mutu wa Yosefe unathothoka kawiri. Mayi anga, atabwerako kopalira chimanga, anaulumikiza ndi kamtengo ka machesi, n'kutiika tonse pambali pa mafuwa kuti tiume ndi kutentha kwa phulusa. Akusonkhezera moto anandiuza mmene anandiberekera ine usiku, azamba akuunikira ndi koloboyi. Kuyambira tsiku limenelo, ndikamva kuti Mariya anakulunga mwana wake m'nsalu, ndimaona manja a mayi anga ali matope okhaokha.

Nali pempho langa. Madzulo a pa 24, mpunga ndi nkhuku za mawa zitakonzeka, apatseni agogowo Baibulo awerengere adzukulu awo Luka 2:1-20. Akafika pa vesi 7, mwanayo agoneke khanda lake pa udzu. Kenako muwafunse mwaulemu kuti, "Amayi, bambo a anawa munawaberekera kuti? M'chikuta anakuthandizani ndani?" Mudzaona, sadzafuna kusiya kufotokoza.

Akakanabe, musakangane nawo pamaso pa ana. Ndi makolo, ndiponso ndi alendo anu. Nyamulani katoniyo mukaiike kuchipinda kwa mwana mpaka atabwerera kumudzi, ndipo mwanayo mumuuze momveka kuti Mariya wake wa chitenjeyo mwamukonda.