P24.3 kapena J69.0 pa khanda lotsamwa mkaka?

Achemwali, mwafunsa za khanda la masiku 6 lomwe mkaka unalowa m'mapapo likuyamwa, kuti mulembe code iti ya mu ICD-10, buku la manambala a matenda, J69.0 kapena P24.3, komanso chifukwa chake kompyuta yanu ikukana P24.31.

J69.0 isiyeni. Inde imanena za chibayo chobwera kaamba ka chakudya kapena masanzi olowa m'mapapo, koma pamutu pa J69 pali chenjezo loti za makanda zipite ku P24. Ambiri amangoona mawu oti aspiration (kulowa kwa chinthu m'mapapo) n'kuthamangira kulemba, chenjezolo osaliwerenga. Vuto likayamba m'masiku 28 oyambirira, yambani mwayang'ana ku ma code oyamba ndi P, omwe ndi a makanda.

Mu P24 chimene chimasiyanitsa ndi chomwe chalowa m'mapapomo. P24.0 ndi meconium, chimbudzi choyamba chija, P24.1 ndi madzi a m'chiberekero, P24.2 ndi magazi, ndipo P24.3 ndiyo ya mkaka ndi zomwe zabwerera kuchokera m'mimba. P24.9 ndi ya pomwe dokotala sananene chomwe chalowa. Ine ndimaiona ngati yaulesi pamene dokotalayo ali pompo pa wodi ndipo mungathe kumufunsa.

Za kompyuta, sikuti yawonongeka. Mu ICD-10 ya WHO, bungwe loona zaumoyo padziko lonse, code ya mkakayi imathera pa P24.3 basi, siigawidwanso. P24.30 ndi P24.31 ndi za ICD-10-CM, yomwe dziko la America linayamba kugwiritsa ntchito pa 1 Okutobala 2015. Kumeneko P24.30 ndi ya khanda lopanda vuto la kupuma, pomwe P24.31 ndi ya lomwe likubanika kapena lagwidwa chibayo. Mukafufuza pa intaneti zimene zimatulukira pamwamba ndi za ku Americazo, n'chifukwa chake anthu amasokonezeka. Funsani kaye kuti chipatala chanu chimatsata buku liti.

Pomwe ndikufuna muchenjere kwambiri ndi apa. Khanda kubweza mkaka likamaliza kuyamwa si aspiration, zimenezo zili ndi code yake, P92.1. Nesi akalemba kuti mwana anatsamwa, anakhosomola, kenako n'kukhala bwinobwino, inu simungagamule nokha kuti mkaka unafika m'mapapo. Ngakhale muone m'fayilo kuti anamuika pa oxygen ndipo anamujambula pachifuwa, ntchito yotchula matenda ndi ya dokotala. Ngati sanalembe, m'bwezereni fayiloyo alembe momveka. Adzanyinyirika, koma alemba.

Onaninso chomwe chachititsa, poti kawirikawiri chimakhala m'fayilo momwemo ndipo chimafuna code yakeyake. Mwana wobadwa masiku osakwana amavutika kugwirizanitsa kuyamwa, kumeza ndi kupuma, ameneyo ndi P07. Wong'ambika m'kamwa kumwamba ndi Q35, ndipo amene njira yachakudya inalumikizana ndi yampweya ali mu Q39. Mukalemba P24.3 yokha pa mwana wotere, amene adzawerenge malipoti a chaka adzaganiza kuti vuto linali kayamwitsidwe ka mayi.