Chiwapezereni shuga, amayi angoti zii

Funso: Anamwino, amayi anga a zaka 58 anawapeza ndi shuga chaka chatha. Anali mayi wansangala, wogulitsa usipa pa Chia, koma lero amangokhala pakhonde dzanja lili patsaya. Kumsika anasiya, kukwaya sapita, usiku sagona. Dzana ndinapeza mapiritsi a mwezi wathunthu m'thumba la mpunga. Ndikawafunsa amangoti, "Ndatopa nazo." Amalume akuti pali dzanja la munthu. Kodi shuga amalowa m'mutu? — Wodandaula, Chia, Nkhotakota

Yankho: Achemwali, amalumewo muwalemekeze, koma ya kwa sing'anga ayi. Mwafotokozazi ndi zizindikiro za matenda a maganizo, aja timati kukhumudwa, ndipo odwala shuga amawagwira mowirikiza kawiri kuposa anthu ena.

Matenda awiriwa amakokana. Munthu akamalingalira usiku wonse, thupi limatulutsa timadzi ta nkhawa totchedwa cortisol, ndipo cortisol amakweza shuga. Shuga akakwera thupi limalefuka, ludzu silitha, kukodza kokhakokha mpaka mbandakucha. Wosagonayo m'mawa alibe mphamvu yokumbukira piritsi, shuga n'kukweranso. Onjezanipo mayi amene wakulira kondowole kuuzidwa kuti achepetse, tiyi amwe wosatsekemera, achibale n'kumamuwerengera mbamu iliyonse. Ndani sangatope?

Koma musasokoneze ndi china ichi. Amayi akayamba mwadzidzidzi kunjenjemera, kutuluka thukuta, kukalipa kapena kulankhula zosalumikizika, makamaka ngati amwa mapiritsi a shuga a glibenclamide kapena abaya insulin osadya, si misala. Ndi shuga watsika. Ngati akutha kumeza, sungunulani masipuni atatu a shuga m'madzi amwe pomwepo, kenako adye. Ngati akomoka musawathire kanthu m'kamwa, thamangani nawo kuchipatala. Ndinaonapo bambo wina atamangidwa ndi zitenje, abale akuti wapenga, chonsecho kapu imodzi ya Sobo ikanatha nkhaniyo.

Tsiku la sikelo ya shuga lisakupiteni. Pitani nawo ku chipatala cha boma ku Nkhotakota, buku lawo lakuchipatala lili m'manja, ndipo mukalowe nawo limodzi. Amayi athu akafunsidwa ndi dokotala amati "ndili bwino" ngakhale mtima ukuwawa, tsono za kusagona ndi mapiritsi a m'mpunga mukanene ndinu. Mukapemphe kuonana ndi namwino wa matenda a maganizo. Mawu amenewa asakuopseni, si onse amatumizidwa ku Zomba. Ambiri amathandizidwa ndi uphungu, ena ndi mankhwala monga fluoxetine, amene amatenga masabata angapo kuti ayambe kumveka. Mukakumbutsenso kuti ali ndi shuga, poti mankhwala ena a maganizo, monga olanzapine, amanenepetsa ndi kukweza shuga.

Akangotchula zoti bola kufa, musadikire tsiku la sikelo, ndipo musawasiye okha.

Pakhomo, lekani kuwaphikira kampoto kawokawo ngati mlendo. Phikani mgaiwa ndi chisoso nonse mudye mbale imodzi. Loweruka muwapemphe akuperekezeni ku Chia, muwauze kuti inu mitengo ya usipa imakusokonezani.