Zotetezera mawondo pa njinga ya m'mapiri

Achimwene, mwafunsa ngati mugule zolimba za pulasitiki kapena zofewa, poti mwayamba kupalasa njinga m'nkhalango ya Chikangawa. Ine ndikuti gulani zofewa, zovala ngati sokosi. Zitunda za ku Viphya n'zazitali, ndipo zolimba zija zimakhula kuseri kwa bondo mpaka kusupula khungu thukuta likayamba. Zimenezo zisiyireni otsetsereka pa miyala.

Zofewa zambiri zabwino zimakhala ndi siponji yapadera yotchedwa D3O mkati: imapindika mukamapalasa, koma imalimba pomwepo bondo likamenya pansi. Onaninso chizindikiro cha EN 1621-1, chosonyeza kuti zinayesedwa mphamvu yake yoteteza n'kupatsidwa Level 1 kapena Level 2. Za Level 2 zimateteza kuposa za Level 1, ngakhale zambiri n'zokhuthala ndipo zimatenthako.

Koma nkhani yaikulu ndi saizi. Yezani ntchafu ndi tepi, masentimita 10 pamwamba pa bondo, muyezenso katumba. Mukavala, nyonyomalani kangapo musanalipire. Zikatsika muli m'sitolo momwemo, ndiye kuti pa matope a mvula ya kuno ku Mzuzu zidzakhala zili mu akakolo nthawi yomwe mukugwa.

Za pa kaunjika ziliponso zabwino, koma tsinani siponji ya mkati. Ikakhala yong'aluka, kapena lasitiki yatha mphamvu, zisiyeni ngakhale wogulitsa atsitse mtengo bwanji.