Achemwali a ku Luchenza, musanalipire yambani mwawerenga manambala a mapeji

Achemwali a ku Luchenza amene mwafunsa za ma novel amasiku ano a zaupandu, ma thriller ndi aja a mikangano ya m'banja, kuti mungawapeze kuti, ndalama zingati, komanso ngati mwana wanu wa Form 2 angamawerenge nawo, ine ndiyankha mbali ya mabuku a pepala yokha. Zija zowerengera pa foni, za Kindle ndi ma app, zisiyeni kwa achinyamata a m'gulu muno, foni yangayi ikangotsegula WhatsApp imakhala yatopa kale.

Koma ndiyambe ndadandaula kaye. Munthu wanena poyera kuti akufuna amasiku ano, wina n'kuyankha kuti James Hadley Chase, wolemba ma novel a zaupandu wakale uja. Abale inu, bambo ameneyo anamwalira 1985, ambiri muno musanabadwe. Sindikunyoza ayi, nanenso ndinawerenga, tinkabisa m'kati mwa buku la Geography nthawi ya prep, koma funso silimenelo. Inunso amene mwalemba kuti ma novel ngotaya nthawi bola mabuku ophunzitsa kulemera, takumvani, mukalemera mudzatiuze.

Tsono nkhani yanga ndi iyi. Kuno kwathu ku Mulanje mabuku oterewa simungawapeze mwachisawawa, pa Chitakale kapena pa Limbuli mupeza makope, mabaibulo ndi mabuku a silabasi basi, ndiye ambirife timagula tikapita ku Limbe kapena mu Blantyre kwa mavenda aja oyala mabuku pansi m'makonde a mashopu. Ndi komwe ndinapsa ine. Unali mwezi wa July, ndapita kukatenga zinthu zina, ndikuona buku lachikuto chonyezimira, lokutidwa bwinobwino mu pulasitiki, mnyamata wake akuti madamu ili ndi latsopano osatsegula mukatsegula mwagula. Ine poona kuti minibasi ya ku Mulanje ikudzadza ndinangopereka ndalama, inali cha m'ma K4,000, n'kuliponya m'chikwama.

Sabata imeneyo kunagwa chiperoni chija chosaona ngakhale phiri, magetsi nawo akungothimathima, ndiye ndinkati ndikatsuka mbale ndalowa m'bulangete ndi tochi. Mausiku atatu. Nkhani yake mkazi wasowa, aliyense akuloza chala mwamuna wake, ine ndinali nditagamula kale kuti ayi ndi mchemwali wake wa mkaziyo chifukwa ankalira mopitiriza muyezo. Ndafika pa peji 288, wapolisi waima pakhomo, wagogoda, chitseko chikutseguka, mtima wanga uli m'mwamba, nditembenuza tsamba ndikupeza peji 257. Ndinayamba ndadzikayikira ndekha kuti mwina ndi tulo. Ndawerenga mizere iwiri ndikuona kuti izi ndawerenga kale dzulo. Kuvundukula kutsogolo, 257 mpaka 288 kachiwiri, kenako kudumpha kufika 321, pamene wakupha uja ali kale m'chitokosi, sakumutchulanso dzina akungoti iye, anthu akumwa tiyi kukambirana za maliro. Ndinakuwa ndithu. Abambo akunyumba anadzuka n'kutenga chikwanje akuyesa kwalowa wakuba, ine ndili kakasi buku m'manja.

Kumapeto kwa mwezi ndinabwererako ndi buku langa, mnyamata uja kulibe, amene ndinawapeza pamalopo akuti sitikumudziwa mayi, aliyense amayala zake. Mukawerengera thiransipoti yopita ndi kubwera inaposa mtengo wa bukulo. Mpaka lero ndimakhulupirira kuti anali mchemwali uja, koma umboni ndilibe.

Pambuyo pake m'bale wina amene anagwirapo ntchito kosindikiza mabuku anandifotokozera chimene chimachitika. Buku sasindikiza tsamba limodzilimodzi, amasindikiza pa chipepala chachikulu n'kuchipinda kuti chitulutse mapeji 16 kapena 32, timitolo timeneto ndi timene amasanjikiza n'kumata. Ndiye wosanja akalakwitsa n'kuika kamtolo kamodzi kawiri, mapeji 32 athunthu amapita, ndipo kunenepa kwa buku kumaoneka chimodzimodzi, simungadziwe poligwira. Zimachitika ngakhale ku mabuku enieni koma kawirikawiri ndi aja okopera mwakuba. Choncho inu mukafika pamenepo musachite manyazi, khalani pansi ngati mukusankha tomato. La mu pulasitiki auzeni atsegule, akakana siyani. Pitani kumapeto muone ngati nkhani yathera pothera, mabuku ambiri amakhala ndi mawu othokoza kapena mbiri ya wolemba kumbuyo, zikasowa kayikirani kuti masamba ena anathothoka. Kenako yendetsani chala pakona muziona manambala okha, osawerenga mawu, mungadziwiretu wakupha. Lokopera limadziwikanso ndi pepala, lopyapyala ngati la nyuzi, zilembo za kuseri zikuonekera, inki pena yakuda bii pena yofuwa, ndipo mukalitambasula pakati guluu wake amalira kuti thyo. Loterolo mukawerenga kamodzi lasanduka makadi.

Ine masiku ano ndimasankha dala akale ogwiritsidwapo ntchito, aja obwera m'mabelo, opindika m'makona, ena olembedwa dzina la mzungu wake m'kati. Buku loti munthu wina analimaliza ndiye kuti ndi lathunthu. Mitengo ulendo wanga womaliza, okutha kwambiri cha m'ma K2,000 kapena K3,000, ooneka bwino K5,000 mpaka K8,000 kutengera ndi mmene mwavalira tsiku limenelo, atsopano enieni a mu shopu musadabwe akakuuzani K25,000 kupita m'tsogolo. Chigwetsereni kwacha mu November 2023 mitengo siikhazikika, ndiye musadzandigwire pakamwa. Nenererani, ndipo mukatenga atatu amatsitsa.

Chenjezo lina ndi dzina la pachikuto. Mudzaona Sidney Sheldon zilembo zikuluzikulu, inu n'kusangalala kuti latsopano, chonsecho mkuluyo anamwalira 2007 ndipo amene anatuluka pambuyo pake analemba ndi mayi wina, Tilly Bagshawe, dzina lake lili pansi. A James Patterson nawonso ambiri amalemba ndi anthu ena, mayina awiri pachikuto. Sikuti ndi oipa onse koma dziwani chimene mukugula. Aja a pa Facebook oti tumizani K2,000 ndikupatseni ma novel 500 a PDF, msuweni wanga anatumiza, analandira atatu, limodzi lothera pakati, nambala n'kuzimitsidwa. Wakutsina khutu ndi mnansi, ndanena.

Pa zoti muyambire liti, ndingotchula amene ndinawamaliza ndekha, osati mndandanda wa pa Google ngati uja wa mabuku 40 wina waika m'gulu muno.

La m'banja limene linandigwira kwambiri ndi Stay With Me la Ayobami Adebayo wa ku Nigeria, linatuluka 2017. Banja lakhala zaka mwana osabwera, achibale a mwamuna n'kufika m'mawa wina atatenga mtsikana kuti uyu ndi mkazi mnzako. Sindipitirira pamenepo. Chimene chinandisangalatsa ndi choti ndinkawerenga ndikufanizira ndi kwathu kuno kwa chikamwini, kumene mwamuna ndi amene amabwera kudzamanga pamudzi pa mkazi ndipo mawu omaliza amakhala a malume mwini mbumba. Ndinkati apongozi aakazi abwere pakhomo pa eni ake atatenga kamtsikana, angatulukemo bwanji m'mudzimo? Koma ukaganiza bwino ululu wake ndi womwewo, kuno amangotembenuza, amene amanong'onezedwa kumadzi ndi kumaliro amakhalabe mkazi, ndipo za kwa asing'anga ndi kumapiri kokapemphera zili m'bukumo ngati wolembayo anakulira pa Chinakanaka. Muli nkhani ya matenda a magazi obadwa nawo a sickle cell ndi imfa za ana, ndiye ngati munadutsapo m'zoterezi posachedwa lisungeni kaye, limapweteka. Ine ndinalira, osanama.

Ngati mukufuna lofulumira, My Sister, the Serial Killer la Oyinkan Braithwaite, 2018, nalonso la ku Nigeria, mu Lagos. Wamkulu ndi nesi, wamng'ono ndi chiphadzuwa chimene zibwenzi zake zimangofa, ndipo ikachitika ngozi amaimbira mkulu wake kuti abwere ndi zokolopera. Machaputala ake ndi afupiafupi, ena tsamba limodzi, Chingerezi chosavuta, mutha kulimaliza pa ulendo wa Luchenza kupita ku Lilongwe. Ena amalitenga ngati la zaupandu koma kwa ine ndi la pachibale, aliyense amene ndi woyamba kubadwa ndipo wakhala akubisira mng'ono wake zolakwa kuyambira ali ana adzadziona. Mathero ake anandikwiyitsa, ndinkafuna chilungamo, koma mnzanga wina wa ku Thyolo boma akuti ndi pomwe pali nzeru, tinakangana mpaka tiyi kuzizira.

Apolisi enieni ofufuza, pezani Deon Meyer wa ku South Africa. Amalemba mu Afrikaans ena n'kumasulira m'Chingerezi, wapolisi wake Benny Griessel wa ku Cape Town, munthu wolimbana ndi mowa tsiku ndi tsiku, banja likugwedezeka, ntchito ikumuthina. Ndimamukonda chifukwa si ngwazi yoti zipolopolo zimaiphonya ngati m'mafilimu, ndi munthu wotopa ngati achimwene athu ambiri amene ali ku Joni. Thirteen Hours nkhani yonse imachitika m'maola 13, osaliyamba usiku ngati mawa muli ndi ntchito. Vuto mabuku akewa amatsatana, mukayambira pakati mudziwiratu zimene zinachitika m'mbuyo, ngati mungapeze Devil's Peak yambani ndi limenelo. Kwa mavenda amapezeka mwa apo ndi apo, mukaliona tolani.

Aja otchuka a ku America ndi ku England a mkazi wasowa, mwamuna akunama, wofotokoza nkhani nayenso akunama, awiri oyamba amakoma, lachitatu mumayamba kudziwiratu. Nyumba zawo zazikulu, mavuto awo a anthu okhuta, vinyo tsamba lililonse. Ine ndikawerenga limodzi ndimapumira miyezi ingapo.

Za mwana wa Form 2, apa ndiye nditsindike. Ambiri mwa ma thriller amasiku anowa muli kutukwana, zakuchipinda zofotokozedwa popanda kuphimba, ena kugwiririra ndi kupha kofotokoza mpaka magazi. Chikuto sichinena. Limodzi la oterewa, Gone Girl, ndinalipeza m'chikwama cha mwana wa mchemwali wanga, ndinachita kulanda. Yambani mwawerenga inuyo. Ngati mukufuna la ofufuza loti muwerenge naye limodzi opanda kugwetsa nkhope, aja a Alexander McCall Smith a Mma Ramotswe wa ku Botswana ndi ofatsa, loyamba ndi la 1998, milandu yake ya amuna osowa ndi antchito akuba, zothetsa ndi nzeru ndi kapu ya tiyi. Ena amati ndi ozizira, kwa mtsikana wa zaka zimenezo ndi abwino. Ndipo mukakumana ndi a Pacesetters akale, ma novel aja a alembi a mu Africa muno, kapena a Aubrey Kalitera wathu yemwe, amene ankadzisindikizira yekha ndi Power Pen Books, mugulireni adziwe kuti za chikondi ndi zaupandu zinalembedwapo ndi kuno komwe. Ndikudziwa ndangodzudzula anzanga za mabuku akale, koma awa ndi ena, ndi athu.

China chimene simunafunse. Kuno chinyezi chimadya mabuku kuposa makoswe. Mukawasanja pashelefu yogunda khoma, ikatha mvula mupeza achita chuku, masamba amatana, fungo lake ngati chimanga chonyowa. Katoni pansi ndiye mwaitana chiswe. Nthawi ya namondwe wa Freddy mu March 2023 madzi analowa m'nyumba katoni yanga yonse inasanduka phala, sindidandaula kwambiri poti anzathu anataya abale ndi nyumba, koma chiyambire pamenepo ndimasunga mu ndowa ya pulasitiki yotsekera, lililonse mu jumbo yake, kukacha bwino mu September ndimawayanika pamthunzi tsiku limodzi. Padzuwa ayi, zikuto zimapindika.

Kubwereketsa nakonso samalani. Langa lina linachoka pano kupita kwa mnzanga wa pa Limbuli, iye n'kupatsa mlamu wake wa pa Muloza, pano ndikumva kuti lili ku Milange, buku lawoloka malire opanda pasipoti. Ndiye ine lamulo langa ndi kusinthana, mubweretse lanu mutenge langa, lanulo likhale chikole.

Loweruka likubwerali ndidutsa pa Luchenza cha m'ma 10 koloko popita ku Bvumbwe. Stay With Me ndili nalo, lathunthu, manambala ndinawerenga kawiri. Ngati mukulifuna ndilembereni ku inbox tikumane pa siteji, mubwere ndi lanu losinthana nalo, likhale mu jumbo chifukwa kumwambaku sikukuoneka bwino.