Link ili pa 70% koma makasitomala akulira, vuto ndi ndani?

Wina wandilembera imelo, akuti amayang'anira netiweki yopereka intaneti m'makomo, graph ikuonetsa kuti link yake (njira yomwe intaneti imadutsa) yadzaza 70% basi koma madzulo foni ya madandaulo siikupuma. Agule bandwidth ina yokulitsira link-yo kapena anthuwo ndi ovuta chabe?

Achimwene, mwandikhudza pachilonda. Ine ndinakhalapo pampando umenewo, graph yanga inali yokongola ndipo ndinkalowa nayo mumiting'i monyada, bwana akafunsa ndimangoti vuto ndi ma router a makasitomala. Miyezi ndithu ndikunamizira anthu osalakwa! Tsiku lina ndinatsalira ku ofesi mpaka cha m'ma 8 usiku, ndangoti ndiyese ping (kuyeza nthawi yomwe uthenga umatenga kupita ndi kubwera) mongocheza, eee, ping yomwe masana imabwera msangamsanga inali kukwera mpaka mazana a ms (mamilisekondi), kutsika, kukweranso, graph ija ili phee ngati palibe chikuchitika.

Chinsinsi chake n'choti graph imatenga average ya mphindi 5. M'kati mwa mphindi zimenezo muli masekondi oti link yadzadziratu mapaketi (tizidutswa ta data) ali pamzere kudikira, ndi masekondi ena oti mulibe kanthu, ukaphatikiza zonse zimaoneka bwinobwino.

Masamu a mzerewa si a dzulo ayi, Erlang wa ku Denmark anayamba nawo mu 1909 pa mafoni a ku Copenhagen. Tengani mtundu wosavuta wa masamuwa wotchedwa M/M/1 (mzere umodzi, wotumikira mmodzi): link ikamagwira 50%, pa average pamzere pamakhala paketi imodzi, kuwerengera ndi yomwe ikutumizidwa. Pa 80% mapaketi 4, pa 90% 9, pa 95% 19. Mwaona kudumphako? Komatu M/M/1 ndi yaulemu, traffic yeniyeni imabwera mwa chigulu, aliyense watsegula video nthawi imodzi.

Pano ndinene poyera, speed test ine imandinyansa. Munthu akuonetsa 50 Mbps pa screenshot ngati wapambana mlandu, chonsecho call yake ikudukaduka. Throughput (kuchuluka kwa data yodutsa pa sekondi) ndi kuchedwa ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo opanga zida anatiwonjezera mavuto poika ma buffer (malo osungira mapaketi odikira) akuluakulu kuti paketi isatayike, mapeto ake paketi siitayika inde koma imakalamba ili pamzere. Jim Gettys ndi amene anatchukitsa dzina la vutoli loti bufferbloat cha m'ma 2010, CoDel ya Kathleen Nichols ndi Van Jacobson, njira yoletsa mzerewo kutalika, n'kubwera mu 2012, koma mpaka lero ena sanaiyatsebe, sindimvetsa.

Musaiwalenso kuti ngati muli pa GPON (intaneti ya fiber yomwe nyumba zambiri zimagawana), port imodzi ndi pafupifupi 2.5 Gbps yotsika yogawana nyumba zonse zili pa splitter (kachida kogawa fiber), ndiye link yaikulu itha kukhala bwino pomwe port imodzi ikubanika.

Ndiye mutani?

Musagule kaye. Yezani pa ola lotanganidwa, sekondi iliyonse, port ndi port, ping ikuyenda pambali. Yatsani fq_codel (mtundu wa CoDel ija) pamene pakupanikizapo. Mukaona madzulo mukugundabe 80% kawirikawiri, pitani kwa abwana ndi ma ping amenewo, graph ya mphindi 5 ija muisiye pa desiki.