Kuloweza mayina a magawo si kudziwa Biology

Mtsikana wina wa Fomu 4 walemba kuti bambo ake ananeneratu kuti adzakhala dokotala, koma pa mayeso oyeserera wagwa pa funso la kugawikana kwa maselo, chonsecho prophase, metaphase, anaphase ndi telophase amazitchula pamtima. Makalata otere sasowa MSCE ikayandikira.

Mwanawe, mayinawo uli nawo, koma sukudziwa chimene chikupatukana, ndipo malikisi ali pamenepo. Selo la munthu lili ndi ma chromosome 46, timaulusi ta DNA tonyamula chibadwa cha munthu. Lisanagawikane limakopera DNA yake, ndiye chromosome iliyonse imakhala ndi ma chromatid awiri ofanana, omangidwa ndi puloteni ya cohesin ngati luzi pa mtolo wa nkhuni. Ulusi wa spindle wochokera mbali ziwiri za selo umagwira pa centromere, pomwe ma chromatid awiriwo amalumikizana, pamalo otchedwa kinetochore, n'kuwandanditsa pakati. Apa selo limadikira. Chromosome imodzi yokha ikakhala isanagwidwe mbali zonse ziwiri, palibe chimene chimasuntha. Zonse zikagwidwa, enzyme ya separase imadula cohesin, ma chromatid n'kukokedwa, ina uku ina uku. Anaphase ya mitosis, kugawikana kwa maselo wamba a m'thupi, ndi imeneyo, ndipo selo lililonse latsopano limatsala ndi 46.

Ambiri mumasokonezeka pa meiosis, kugawikana kawiri kumene kumapanga dzira ndi umuna. Pa kugawikana koyamba zopatukana ndi ma chromosome oyenda awiriawiri, ya kwa mayi ndi ya kwa bambo, pamene cohesin ya pa centromere imagwirabe. Ma chromatid amadzalekana pa kugawikana kwachiwiri. N'chifukwa chake dzira ndi umuna zimakhala ndi 23. Ma chromosome akakanika kulekana, dzira limatha kutenga 24, ndipo ngati yowonjezerayo ndi chromosome 21, mwana amabadwa ndi 47, ndiye Down syndrome. Chiopsezochi chimakula mayi akamakula.

Tenga ulusi wa mitundu iwiri, wina wa kwa mayi wina wa kwa bambo, udule tidutswa 4 toimira ma chromosome, katalikatali ndi kafupikafupi pa mtundu uliwonse, kalikonse ukapatse kapasa wake n'kumanga pakati. Yendetsa mitosis patebulo, kenako meiosis, uziwerenga zotsala m'selo lililonse. Ukamapeza 4 pa mitosis ndi 2 pa meiosis osayang'ana m'buku, funsolo silidzakugwetsanso.

Bambo akowo asakunyamulitse katundu amene iwo sakumudziwa kulemera. Malo a udokotala ku KUHeS, yunivesite ya Kamuzu ya zaumoyo, ndi ochepa kwambiri, ndipo Biology yolowezayi singakufikitseko. Ndimadandaula kuona makolo akudziwa ntchito imodzi yokha ya m'chipatala. Amene amayang'ana maselo pa maikulosikopu tsiku ndi tsiku ndi a m'labotale, ndipo maphunziro ake alipo ku KUHeS komweko ndi ku Malawi College of Health Sciences. Nakonso sakulandira ndi Biology ndi Chemistry zofooka, koma amene waloweza magawo onse anayi mutu ali nawo. Mawa upite ndi ulusiwo kwa aphunzitsi ako akaone ngati ukuyendetsa bwino.