Kamphaka kamasiye sikakubiba: yankho kwa amayi a ku Kapata

Imelo iyi yandipeza usiku uno malaiti atangobwera, ndipo ndaona kuti ndisagone nayo. Yachokera kwa amayi ena a ku Kapata kuno ku Chipata. Akuti masiku atatu apitawo mwana wawo anatola kamphaka kuseri kwa sitolo, mayi wake atagundidwa ndi galimoto. Kangotsegula kumene maso. Akukamwetsa Nido ndi kabotolo, ndipo mkakawo amaupanga wolimba kuti kazikhuta. Kamagona m'katoni pakhonde. Kukodza kakukodza, koma chibibire dzulo m'mawa timibulu tiwiri touma, mpaka pano palibe. Kamimba katupa ndipo kakulira. Aneba akuti akamwetse saladi, mafuta ophikira aja, ena akuti akalowetse kasopo kumunsi monga amachitira ndi khanda. Funso lawo n'lakuti atani.

Amayi, mwachita bwino kufunsa musanachite chilichonse mwa ziwirizo. Saladi ndi sopo ziikeni kaye patali, ndifotokoza chifukwa chake. Tiyambe ndi chimene kamphakako kataya, chifukwa vuto lagona pamenepo.

Kamphaka sikatha kukodza kapena kubiba pakokha mpaka katakwanitsa milungu itatu kapena inayi. Mukamaona mphaka akunyambita ana ake pamimba ndi pansi pa mchira akamaliza kuyamwa, si kuwasambitsa kokha ayi. Lilime lakelo ndi limene limadzutsa matumbo ndi chikhodzodzo kuti zitulutse. Maso amatseguka pakati pa masiku 7 ndi 14, choncho kanuko kali ndi milungu iwiri kapena kuchepera pang'ono. Katsala ndi mlungu umodzi kapena iwiri kakudalirabe lilime la mayi amene kulibe. Lilimelo tsopano ndinu. M'kalata yanu simunatchule zoti mumakapukuta, ndipo ndikukayikira kuti mkodzo umene mukuuona pansalu ndi wongodontha chifukwa chikhodzodzo chadzaza.

Koma musanakapukute, kagwireni kaye. Khudzani kunsi kwa timapazi, timakutu, ndipo lowetsani nsonga ya chala chotsuka m'kamwa. Ngati mukuzizira, china chilichonse chidikire. Kamphaka ka msinkhu uwu sikatha kudzitenthetsa, kamadalira thupi la mayi ndi la abale ake. Thupi likazizira kufika pansi pa madigiri 35, matumbo amaima, mkaka umangokhala m'mimba osagayika. Ndiye taganizani za katoni pakhonde la simenti mu Julayi muno, mmene kukuzizirira m'mamawa kuno kwathu. Kalowetseni m'nyumba usiku uno. Thirani madzi otentha m'botolo, tsekani kwambiri, likulungeni ndi chitenje kawiri, liikeni mbali imodzi ya katoni kuti kakamva kutentha kwambiri kathe kukwawira mbali inayo. Pansi yalani bulangeti lakale. Madziwo muzisintha akazizira, ngakhale pakati pa usiku. Ngati kazizira kale, kaikeni pachifuwa panu m'kati mwa malaya kwa theka la ola kapena ola lathunthu kuti kafunde pang'onopang'ono. Musakaike pafupi ndi mbaula m'chipinda chotseka, mpweya wa makala umapha ngakhale anthu akuluakulu. Ndipo kakadali kozizira musakamwetse mkaka.

Kakafunda, tengani thonje kapena kansalu kofewa, viikani m'madzi ofunda, finyani pang'ono. Kagwireni ndi dzanja limodzi, mimba ili pachikhatho, matako ali pamwamba pa beseni kapena nsanza. Sisitani pansi pa mchira mozungulira, mofewa koma mosalekeza, ngati mmene lilime likanachitira. Mkodzo umabwera msanga, ndipo ambiri amalekera pomwepo poganiza kuti ntchito yatha. Chimbudzi chimachedwa. Pitirizani mphindi imodzi, ziwiri. Mukamva kamimba kakuuma m'dzanja lanu, miyendo yakumbuyo ikukankha, kakulira mokakamiza, ndiye kuti kayamba kuchima, musasiye. Anthu ambiri amachita mantha ndi kulirako n'kuchotsa dzanja, chimbudzi n'kubwerera. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Muzichita zimenezi musanakamwetse komanso kakamaliza kumwa, nthawi iliyonse. Yang'ananinso ngati pakhomo penipeni potulukira chimbudzi sipanamatike ndi chimbudzi chouma chosakanikirana ndi ubweya. Zimachitika, ndipo kungonyowetsa ndi madzi ofunda mpaka chitafewa n'kuchoka kumathetsa nkhani yonse.

Zikakanika, pali njira imene ine yandithandiza kambirimbiri. Thirani madzi ofunda m'kabeseni, ofunda ngati osambitsira khanda, muwayese ndi chigongono. Viikani matako ndi mimba zokha, chifuwa ndi mutu zikhale kunja m'dzanja lanu. Muli m'madzi momwemo, sisitani mimba ndi chala chimodzi kuchokera kunthiti kutsikira kumchira, kenako pansi pa mchira. Mphindi zitatu kapena zisanu zakwana. Timphaka tambiri timamasukira m'madzi momwemo. Mukakatulutsa kapukuteni mpaka kaumiretu, n'kukabwezera pa botolo lake. Kamphaka konyowa usiku wa mwezi uno kakhoza kufa ndi kuzizira kusiyana ndi kudzimbidwako.

Tsopano nkhani ya mkaka, imene ndikuona kuti ndi gwero lachiwiri. Mtima wanu ndaumvetsa, mumafuna mwana akhute. Koma mkaka wolimba umatanthauza madzi ochepa, ndipo kamphaka kalibe kwina kopezera madzi koma m'botolo momwemo. Thupi likaperewera madzi, limayamwa otsala m'chimbudzi chili m'matumbo, n'chifukwa chake mukuona timibulu touma ngati ta mbuzi. Chimbudzi cha kamphaka koyamwa chimayenera kukhala chachikasu kapena chofiirira pang'ono, chofewa ngati chiponde. Mkodzo nawo umanena zambiri. Uyenera kukhala wotuwa, wotsala pang'ono kufanana ndi madzi. Ukasiya chikasu chakuda pathonje, madzi achepa m'thupi. Nkhama zikhale zonyowa ndi zoterera, osati zomata chala. Zija zokoka khungu la pakhosi kuti muone ngati libwerera msanga sizidalirika pa timphaka tating'ono chonchi.

Ndiye kuyambira pa kumwetsa kotsatira, sungunulani mkakawo monga zalembedwera pachitini, kenako onjezerani madzi owiritsa ozizira, pafupifupi theka la madzi amene mwathira kale. Chitani zimenezi tsiku limodzi lokha. Mukapitirira, kayamba kuonda chifukwa chakudya chichepa. Sefani kuti musakhale timibulu, ndipo ukhale wofunda pouyesa padzanja.

Ndinene mosabisa kuti Nido ndi mkaka wa ng'ombe, ndipo mkaka wa ng'ombe si chakudya chokwanira kwa mphaka. Uli ndi shuga wa mumkaka wochuluka, pamene zomanga thupi ndi mafuta n'zochepa poyerekeza ndi mkaka wa mphaka. Timphaka tina timatsegula nawo m'mimba, tina timadzimbidwa, tambiri timakula mochedwa. Mkaka wa makanda monga Lactogen ndi NAN nawo ndi wopepuka kwambiri kwa mphaka, ndipo Cremora si mkaka n'komwe. Woyenera ndi wopangidwira timphaka, monga KMR kapena Royal Canin Babycat Milk. Funsani m'masitolo a mankhwala a ziweto m'tauni muno. Ukasowa, m'bale wa ku Lusaka akhoza kukugulirani n'kuupatsira pa basi, tsiku limodzi wafika. KMR ya ufa amasungunula muyezo umodzi wa ufa ndi miyezo iwiri ya madzi, ndipo kamphaka kakadzimbidwa mumapanga umodzi kwa itatu tsiku limodzi. Podikira, theka la kapu ya mkaka wa mbuzi kapena wa ng'ombe, mamililita 125, wowiritsa ndi kuziziritsa, wosakaniza bwino ndi yolk imodzi ya dzira, chachikasu chokhacho popanda choyera, ukhoza kukasunga masiku ochepa. Ndi kuzimazima kwa malaitiku musadalire firiji. Wotsala ukakhala panja maola angapo, tayani mupange wina.

Za kuchuluka kwake, sikelo ya kukhitchini ndi bwenzi lanu, ngakhale yobwereka. Kamphaka ka milungu iwiri kamalemera magalamu pafupifupi 250, ndipo kayenera kuonjezera magalamu 10 mpaka 15 tsiku lililonse. Kamimba kake kamalandira mamililita 4 pa magalamu 100 alionse. Choncho ka magalamu 250 kamwe mamililita 8 kapena 10 pa nthawi, maola atatu alionse, usana ndi usiku. Kukhutitsa mopitirira kumatupitsanso mimba, ndipo mwina zina mwa zimene mukuonazo ndi zimenezo. Pomwa kagone chafufumimba, mutu utadzuka pang'ono, monga kamachitira pabere la mayi wake. Musakagoneke chagada ngati khanda la munthu, ndiponso musafinye botolo.

Ndafika pa saladi, ndipo apa ndilankhula ndi chisoni. Zaka zapitazo ndinalera timphaka tiwiri tamasiye, kamodzi n'kudzimbidwa ngati kanuko. Ndinakagoneka chagada n'kukathira saladi m'kamwa ndi supuni, ndikukhulupirira kuti ndikukathandiza. Kanatsamwa pang'ono, ine n'kuyesa zatha. Mawa lake kanayamba kupuma molira m'chifuwa, mkaka ukutulukira m'mphuno, ndipo tsiku lachitatu kanafa m'manja mwanga. Mafutawo analowa m'mapapo n'kuyambitsa chibayo. Timphaka tating'ono sititha kutsokomola bwino kuti titulutse chimene chalowa njira yolakwika. Liquid paraffin wa kukemisti ndiye woopsa koposa chifukwa alibe kukoma, kamphaka sikazindikira kuti kameze, amangotsetserekera kumapapo. Mafuta a nsatsi nawonso ayi.

Sopo amawotcha m'kati, ndipo matumbo a kamphaka ndi opyapyala moti ndodo ya machesi kapena kathonje ka m'makutu kangathe kuwaboola. Musalowetsemo kanthu. Mankhwala opopera kumunsi a anthu, amene ali ndi sodium phosphate, amapha ngakhale mphaka wamkulu. Panadol musayerekeze ngakhale kachidutswa, chiwindi cha mphaka sichitha kuphwanya paracetamol. Alovera amene timathira m'madzi a nkhuku ndi poizoni kwa mphaka. Mankhwala a njoka a mbuzi ndi ng'ombe ali ndi mphamvu yoyezera nyama ya makilogalamu ambiri, osati kanthu kolemera ngati paketi ya mchere.

Nanga malire ali pati? Kamphaka koyamwa botolo kamabiba kamodzi patsiku, nthawi zina kamadumpha tsiku, makamaka kakangosintha kuchoka pabere kupita ku mkaka wina. Kufika maola 36 kakuyamwa bwino, mimba ili yofewa, mtima ukhale m'malo. Maola 48 akakwana, nkhani yachoka m'manja mwathu. Mwa kuwerengera kwanga, kanuko kakwanitsa maola 48 mawa m'mawa. Ndiye usiku uno ndi wanu: kutentha, mkaka wosungunula, kusisita pa kumwetsa kulikonse. Kukacha palibe chatuluka, kanyamuleni pamodzi ndi botolo lake la madzi otentha mupite kwa dokotala wa ziweto. Ofesi ya zaziweto ya boma ilipo kuno ku Chipata, monganso ku Katete, Petauke ndi Lundazi. N'zoona kuti ntchito yawo yambiri ndi ng'ombe, nkhumba ndi katemera wa chiwewe, koma musachite manyazi kuwabweretsera kamphaka. Dokotala amatha kumva ndi zala ngati chimbudzi chaumbika m'matumbo, kubaya madzi pansi pa khungu, kupopa madzi ofunda ndi kachubu kofewa koyenera msinkhu wake, kapena kupereka lactulose, mankhwala ofewetsa chimbudzi, pa mlingo woyezera kulemera kwake. Lactulose imapezeka m'makemisti, koma mlingo akuuzeni iwowo, chifukwa ikachuluka kamphaka kamatsegula m'mimba n'kutha madzi mwamsanga. Afunseninso za njoka za m'mimba. Timphaka timazitenga kudzera mu mkaka wa mayi, zimatupitsa mimba, ndipo mankhwala ake otchedwa pyrantel amaperekedwa kuyambira pa milungu iwiri.

Musadikire maola 48 ngati kakana kuyamwa kawiri motsatizana, kakusanza, mimba yalimba ngati ng'oma, kalefuka moti mutu ukugwa, nkhama zayera, kapena pansi pa mchira pakutuluka magazi kapena kanyama kofiira. Kakafooka choncho, pakani madzi a shuga pang'ono pankhama ndi chala, kafunditseni, n'kunyamuka. Pali timphaka tochepa timene timabadwa njira yotulukira chimbudzi ili yotseka, koma poti kanu kanabibapo dzulo, zimenezo sizikukukhudzani.

Mwina pakomboni ena akukusekani kuti mukudzuka usiku chifukwa cha pusi, ena akunong'ona zija zoti amphaka ndi a mfiti. Ine ndimaona nkhokwe za kumudzi kwathu mmene makoswe amazithera pakhomo popanda mphaka, ndipo ndimaona kuti chimene mukuchitachi n'chabwino. Mwana amene anakatolayo muzimuonetsa kasisitidwe kake kuti muzisinthana, koma kumwetsa kukhale kwa inu akulu. Nonse muzisamba m'manja ndi sopo mukamaliza.

Chimbudzi choyamba chikatuluka chikhoza kukhala cholimba kutsogolo, chofewa kumbuyo, ndipo chambiri kuposa mmene mungaganizire. Musaleke kusisita mawa lake poti zatheka. Pitirizani mpaka pa milungu itatu kapena inayi, pamene mudzaone kakuyamba kufukula pansi ndi timapazi. Nthawi imeneyo muikire kachivundikiro ka katoni kokhala ndi mchenga wouma, muzikaikamo kakangomaliza kumwa. Mundilembere mawa masana, amayi. Mundiuze kulemera kwake, mtundu wa mkodzo, ndi chimene chatuluka.